Tinjira ta ku Thyolo: Wodutsa Ndani, Wolambula Ndani?

Pa Goliati mfumu ya msewu ndi njinga yakapalasa. Minibasi zilipo, njinga zamoto nazo zachuluka zedi zaka zino, koma taimani pamsika m'mamawa muwerenge nokha. Uyu wamanga madengu awiri a tomato pakeliyala, uyo wakoleka zigubu uku ndi uku akuthamangira kosonkhetsera mkaka usanasase, winayo wakweza mayi wa mwana kumbuyo, thumba la feteleza lili pafelemu. Belu ambiri alibe, amangoimba likhweru, ndipo anthu amapatuka osacheuka n'komwe.

Anthu akutali amadziwa Goliati chifukwa cha zinthu zikuluzikulu. Kuno ndi kwawo kwa malemu Bingu wa Mutharika, amene anamwalira mu Epulo 2012 n'kuikidwa pa munda wawo wa Ndata. Pafupi pomwepo pali sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Pali msewu wa Malowa-Goliati-Chiperoni, ndi msewu wa Midima uja anaupatsa dzina la Robert Mugabe mu 2006. Koma njinga zija mwawerenga pamsika sizichokera pa tala ayi. Zimatsika m'tinjira ta kumudzi, tija simungatipeze pa mapu a boma, ndipo tinjira timeneti ndi timene tandiyendetsa ulendo uno.

Goliati weniweni ndi dera la tomato, kabichi, chimanga ndi ng'ombe za mkaka. Tiyi amayamba mukayendako ndithu kulowera cha ku boma la Thyolo. Ine ndinabwereka njinga kwa achimwene anga, Humber yakale yopanda magiya, n'kusiya tala dala kuti nditsate kumene akabaza amadulira.

Kanjira kake n'kakang'ono, kongokwanira munthu mmodzi. Dothi ndi lija la katondo, lofiira, loterera ngati sopo kukawaza chiperoni. Apa mizu ya mango yatuluka pamtunda, apo miyala yangoti njo, kutsogoloko kamtsetse kokhota pakati pa minda ya nandolo, pansi pake kamtsinje koyalapo mitengo iwiri ya bulugamu basi. Ukalakwitsa pang'ono, uli m'madzi. Ine ndinatsika n'kukankha. Koma kumbuyo kwanga kunabwera mnyamata wa zigubu ziwiri zodzaza mkaka, anangotsitsa phazi limodzi, kuliguguza pansi ngati buleki, n'kuwoloka pamitengopo ngati akuyenda pa tala.

Tsono nachi chodabwitsa, inu awerengi. Zimene mnyamatayu amachita tsiku ndi tsiku kuti adye, kunja kuno kuli anthu amene amalipira ndalama zambirimbiri kuti azichite posangalala. Mizu, miyala, mitsetse ndi timilatho ta mitengo, kwa iwo ndiwo masewerawo. Njira ikasalala amati yaonongeka.

Masewerawa anayambira ku California m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1970, anyamata a m'boma la Marin, ena mwa iwo Gary Fisher, Joe Breeze ndi Charlie Kelly, ankatola njinga zakale za matayala onenepa n'kumatsetsereka nazo m'mapiri. Mu 1976 anayambitsa mpikisano wotchedwa Repack. Dzinali linabwera chifukwa mabuleki ankatentha mpaka girizi kupserera, ndiye ukafika pansi umayenera kupakanso ina. Kuchokera pa chibwana chimenechi kunabadwa njinga ya magiya yokwerera mapiri, ija timaiona pa kaunjika ku Limbe. Pofika 1996 masewerawa anali atalowa mu Olimpiki ku Atlanta.

Koma chisangalalo chawo chinakumana ndi geti. Anthu oyenda pansi ndi okwera akavalo anayamba kudandaula kuti anjinga akuwadzidzimutsa ndi liwiro, ndiponso akukumba njira ndi matayala. Eni malo anayamba kukhoma zikwangwani. Mu 1984 nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango ku America inaletsa njinga m'nkhalango zija zotetezedwa kotheratu, ndipo mapaki ena anatsatira. Anjinga ena anasankha kumalowa mozemba ndi kumatsegula tinjira tawo mobisa, zimene zinangowonjezera mkwiyo wa eni malo. Koma mu 1988 magulu asanu a ku California anakhala pansi n'kupanga bungwe limodzi, International Mountain Bicycling Association, mwachidule IMBA. Nzeru yawo inali yapafupi. Anadziikira okha malamulo: yenda m'njira zololedwa zokha, patukira woyenda pansi, usadzidzimutse ziweto, usasiye zinyalala. Kenaka anatenga makasu ndi mafosholo n'kumakakonza njirazo mwaulere. Akatero ankapita kwa mwini malo, osati ndi pakamwa pokha, koma ndi pepala la mgwirizano lonena kuti ife tidutsa apa ndi apa, ndipo kukonza n'kwathu.

Pokonza njira anatulukira chinthu chimene agogo athu ananena kalekale: madzi saiwala khwawa. Mdani wamkulu wa kanjira ndi mvula, tayala limangomuthandiza. Kanjira kolunjika kutsika phiri kamasanduka ngalande, chaka chachiwiri ndi chigwembe. Ndiye iwo amalambula njira yoyenda chopingasa m'mbali mwa phiri. Pa mamita 100 alionse, amayesetsa kuti kukwera kusapitirire mamita 10. Kutsetsereka kwa njira kusapose theka la kutsetsereka kwa phirilo, apo ayi madzi asiya njira yawo n'kutsata yanu. Pamwamba pa njira amapendeketsa pang'ono kuloza kumunsi kuti madzi angodutsa chopingasa. Pakapita kamtunda amaika kadzenje kosaya kotsatana ndi kachitunda, madzi atulukire pomwepo asanasonkhane mphamvu. Pamalo a lowe kapena otsetsereka kwambiri amayala miyala yaphanthiphanthi, yokwirira bwino kuti isagwedezeke.

Mlimi wa ku Thyolo akamva zimenezi angoseka, chifukwa ndi nkhani ya akalozera ndi udzu wa vetiva imene alangizi akhala akuimba zaka ndi zaka. M'munda timadziwa kuti mzere suyang'ana kumtsinje. Koma tikafika pa kanjira ka m'malire a minda, nzeru ija timaisiya kumudzi. Pa ulendo wangawu ndinadutsa malo atatu pamene njira yakale yadyeka mpaka kufika m'chiuno, anthu n'kutsegula ina pambali, imenenso yayamba kudyeka, n'kuyambanso yachitatu m'munda mwa munthu. Mwini munda naye waikapo minga. Mkangano wa pa mudzi umayamba chonchi.

Nanga amalambula ndani? Akuluakulu akukumbuka kuti nthawi ya Kamuzu kunali Sabata ya Achinyamata chaka chilichonse, pamene ana a sukulu ndi anthu a m'midzi ankakonza misewu ndi milatho, wofuna ndi wosafuna yemwe. Matipate atabwera mu 1994, ambiri anati ntchito yopanda malipiro ndi thangata, ndipo kuno ku Thyolo mawu amenewo si ochezera. Kenaka kunabwera MASAF ndi ntchito zolambula misewu zolipidwa, anthu n'kuzolowera kuti khasu limatuluka pakakhala ndalama. Misewu ya m'midzi yodutsa galimoto ili ndi mwayi wolowa m'kaundula wa khonsolo. Koma kanjira ka njinga ndi ka masiye. Amene amaponyapo mwala kapena kusintha mtengo wowola pa mlatho ndi akabaza omwewo, ndi amayi opita ku chigayo, tsiku limene wina wagwa.

Mukayenda choncho dzuwa n'kufika pamutu, dziko limasintha mwadzidzidzi. Minda ing'onoing'ono yothithikana, nyumba pano nyumba apo, zonse zimathera pa mzere umodzi ngati wadula ndi mpeni. Kutsidya kwake ndi tiyi yekhayekha, wobiriwira, wometedwa mofanana ngati tebulo, kukwera chitunda, kutsika, kukweranso mpaka kumene maso alekezera. Apo ndi apo nkhalango ya bulugamu yowotchera tiyi ku fakitale, damu, mizere ya mitengo ya makedemiya. Otchola tiyi ali m'kati, madengu kumsana. Kunena zoona, abale, ndi kokongola. Ndipo misewu ya m'katimo ndi yosamalika kuposa yathu: ngalande zolambulidwa, makalavati, udzu wotchetcha m'mbali. Madzi kuno anawaphunzitsa mwambo.

Pamalirepo pali chikwangwani chonena kuti malo ano ndi a eni ake. Ena mwa misewu yodutsa m'maesiteti ndi ya boma, aliyense amayendamo. Koma tinjira tambiri ta m'kati ndi ta kampani. Anthu amadutsamo ndithu, popita ku sukulu, ku chipatala, ku maliro, ku msika, chifukwa kuzungulira ndi ulendo wa maola. Amadutsa chifukwa amaloledwa mwa chizolowezi. Chizolowezi si pepala. Lero mlonda akupatsa moni, mawa kwabedwa nkhuni kapena makedemiya, lamulo latsika kuchokera ku ofesi, ndipo mlonda yemweyo akuti bwererani. Sungamunene, naye akuteteza ntchito yake. Pa malamulo a dziko lino, kulowa pamalo a mwini ndi cholinga choipa, kapena kukakamira pamene wauzidwa kuti uchoke, ukhoza kukayankha mlandu ku khoti.

Kuti timvetse mzere umenewu tiyenera kubwerera m'mbuyo. Kuyambira 1892, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda, Harry Johnston, anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Malo ambiri a m'mapiri a Shire anapita motero, ena pa mtengo wa nsalu ndi mikanda. M'zikalata zambiri munali mawu oti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, koma mawuwo sanatetezepo anthu kwa nthawi yaitali. Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, anafikira pa malo a azunguwa n'kumalipira lendi ndi thukuta lawo. Ndiye thangata ameneyo. Tiyi, amene anayamba ku Mulanje mu 1891, anafika ku Thyolo cha mu 1908 pa esiteti ya Bandanga. Mu Ogasiti 1953, nkhani ya malalanje pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza inayatsa moto umene unafalikira m'chigawo cha kum'mwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa mu 1962, koma malire ambiri anatsala pomwepo.

Lero boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndiye kuti anthu oposa 400 pa sikweya kilomita imodzi, ndipo powerengapo aphatikiza ndi malo a tiyi omwe. Nchifukwa chake nkhani ya malo kuno siizizira. Mu Seputembala 2016 anthu otsatira bungwe la People's Land Organisation la a Vincent Wandale analowa m'malo a esiteti ya Conforzi kuti agawane, apolisi anabwera, ndipo a Wandale khoti linawapeza olakwa. Pamalo pamene pali mbiri yotere, ngakhale nkhani yaing'ono ya kanjira imalemera.

Chakumadzulo kwa boma, m'munsi mwa phiri la Thyolo, kuli esiteti ya Satemwa, imene anayambitsa a Maclean Kay a ku Scotland mu 1923. Nyumba yawo yakale, Huntingdon House, yomangidwa mu 1928, inasanduka malo ogona alendo, ndipo chimodzi mwa zimene alendo amapitirako ndi kupalasa njinga m'misewu ya m'minda ya tiyi. Kumeneku ndi kumene mungakumane ndi anthu a zipewa zolimba ndi makabudula othina, ochokera ku Blantyre kapena kunja, pa njinga imene mtengo wake ungagule ng'ombe za mkaka zingapo. Iwowa savutika ndi mlonda. Alowera pa geti, mwini malo akuwadziwa, njira awalozera.

Pamenepa mtima ukhoza kuwawa, koma tiyeni tione mbali zonse. Mukakweza maso kuyang'ana phiri la Thyolo, muona minda ya chimanga mpaka pamwamba. Nkhalango yachilengedwe imene inali pamenepo, yotetezedwa ndi boma, inatha ndi nkhwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Zidutswa zimene zatsala zili m'malo a maesiteti, ndipo ndi momwemo mukubisala kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe, kamene kanatenga dzina la boma lino. Mwini esiteti akaona phiri lometedwalo, amaopa kuti kanjira kotseguka lero ndi khomo la nkhwangwa mawa. Amaopanso moto wolusa nthawi ya chilimwe, ndi ngozi ya njinga kuwombana ndi thalakitala yonyamula masamba pa kona. Mantha amenewa si abodza. Koma mwana wopita ku sukulu ndi mayi wodwala wokwera kabaza nawo si abodza.

Maiko ena anaupeza bwanji mtendere pa nkhani yotere? Ku Scotland, kwawo kwa a Kay komweko, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo mu 2003 lopatsa munthu aliyense ufulu woyenda pansi, pa njinga kapena pa kavalo m'malo ambiri a eni, bola asamale: osaponda mbewu, osalowa pabwalo la nyumba ya munthu, osaononga kanthu. Ku South Africa anatsata njira ya mgwirizano. Mpikisano waukulu wa Cape Epic, umene unayamba mu 2004, umadutsa m'minda ya mphesa ndi ya zipatso ya alimi ambirimbiri atapempha chilolezo kwa aliyense, ndipo m'madera ngati Stellenbosch magulu a anjinga amagulitsa ziphaso kwa mamembala, ndalama zake n'kumalipira anthu olambula njira. Kuno kwathu, mpikisano wa njinga za m'mapiri wa ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, unaonetsa kwa zaka zambiri kuti alendo akhoza kubwera kudzapalasa m'tinjira ta Malawi.

Pali mwambi woti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka anjinga a masewerawa si njinga yawo yodula ija ayi. Ndi nzeru yoti gulu lodziwika, lokhala ndi malamulo ake, lokonza njira ndi manja ake, limamveka likagogoda pa ofesi. Munthu mmodzi wa zigubu za mkaka akabwezedwa pa malire, nkhani yathera pomwepo. Koma magulu kuno alipo kale. Akabaza ali ndi masiteji ndi atcheyamani awo. Alimi a mkaka ali ndi magulu awo pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association. Alimi a tiyi ang'onoang'ono ali ndi mabungwe awo amene amakhala kale pa tebulo limodzi ndi maesiteti pokambirana mitengo ya masamba. Mafumu alipo, makomiti a chitukuko a m'midzi alipo, khonsolo ilipo.

Chimene chingachitike si chozizwitsa. Choyamba, tinjira timene anthu amadalira tilembedwe ndi kujambulidwa pa mapu: kakuchokera kuti, kakupita kuti, kakudutsa pa malo a yani. Pa MUST pompa pali ophunzira za mapu ndi za nthaka amene chaka ndi chaka amasowa mutu wa kafukufuku. Chachiwiri, pa tinjira todutsa m'esiteti pakhale mgwirizano wolembedwa pakati pa kampani, mafumu ndi khonsolo, wonena kuti apa ndi podutsa anthu ndi njinga, nthawi yake ndi iyi, nkhwangwa ndi moto ayi, ndipo wolakwa alangidwe yekha osati kutsekera mudzi wonse. Chachitatu, kukonza kugawidwe: kampani ili ndi miyala, makalavati ndi akatswiri a ngalande, anthu ali ndi makasu. Chachinayi, ngati abale athu a zipewa zolimba akufuna tinjira tokhotakhota ta miyala kuti asangalale, alandiridwe, alipire, ndipo gawo la ndalamazo lipite kwa anyamata olambula ndi operekeza alendo. Ndani angalozere mlendo njira kuposa wakabaza amene anabadwira momwemo?

Wina anena kuti kulambula njira ya pa malo a kampani ndi thangata wabwereranso pakhomo la kuseri. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo yankho lake lili pa pepala lija. Agogo athu ankagwira ntchito kuti asathamangitsidwe, ndipo chimene ankapeza chinali chifundo cha bwana, chotha kuchotsedwa tsiku lililonse. Ngati thukuta la lero ligula ufulu wodutsa wolembedwa, wosainidwa, woti mwana wako adzaupeza, imeneyo ndi nkhani ina. Koma ngati anthu angolambula popanda chogwira m'manja, pamenepo odandaulawo akhala akunena zoona.

Nkhani yaikulu ya malo ku Thyolo ndi Mulanje siingathe ndi tinjira, ndipo asatinamize munthu. Imeneyo ndi ya aphungu, a unduna wa za malo ndi makhoti, ndipo yatenga kale zaka zoposa 130. Koma mvula siidikira nyumba ya malamulo. Ikagwa mu Disembala, zigwembe zija zikula, mitengo ya pa mlatho iwola, mkaka usasa panjira, ndipo mlonda adzakhala ali pa malire ndi lamulo limene wauzidwa m'mawa umenewo. A khonsolo ya Thyolo, mafumu athu, ndi inu mabwana a tiyi, kodi kukhala pansi tsiku limodzi ndi mapu pa tebulo kungakutayitseni chiyani?